Makobidi a Maliro Si Zinyalala

Saskatoon, 16 Okutobala 2011

Wokondedwa Inday Medy,

Landira moni wanga, iwe ndi mwana wathu Liezel, komanso amayi ako. Kuno ku Canada ndili bwino. Msana wokha ndiwo ukudandaula, koma msana wa dalaivala sunakhalepo chete. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni amayi ako amakhala pambali makutu ali tcheru, ndiye ndimangobwereza kuti zonse zili bwino ngati wolengeza pa wailesi.

Ntchito ndi yomwe ija, kunyamula nkhumba za bwana Friesen kuchokera ku mafamu kupita kophera. Msewu wake ndi wowongoka ngati chingwe choyanikapo zovala, wopanda njinga, wopanda agalu, wopanda wogulitsa nthochi pa windo. Munthu amene anayendetsapo basi kwathu ku Iloilo kuno angayendetse ndi chala chimodzi.

Bwana walonjeza kuti ndikatha chaka laisensi ili yoyera adzasaina mapepala oti ndikhazikike kuno, kenako ndikuitanitseni. A Manong Boyet, amene ndikukhala nawo nyumba imodzi, anadzera njira yomweyo ndipo akazi awo anafika chaka chatha. Malamulo a kuno amandilowezetsa ngati katekisimu. Lalikulu ndi ili: ukaona ambulansi, galimoto ya apolisi kapena yokoka magalimoto owonongeka itaima m'mbali mwa msewu magetsi akuphethira, utsitse liwiro mpaka sikisite. Ukapanda kutero chindapusa chake n'chofolera nyumba, ndipo laisensi amaidetsa. Ndinawauza kuti a Manong, ine ndinakulira m'jipu yonyamula anthu ya bambo anga, mabuleki ndinawadziwa ndisanadziwe nsapato.

Ndalama ndatumiza Lachisanu. Yamba ndi fizi ya Liezel, yotsalayo ugule malata a kukhitchini mphepo isanabwerenso. Ukagule wekha, usatume mlongo wako Toto, paja njira yake yopita ku sitolo imadzera ku juga yomenyanitsa atambala. Mpunga kuno kathumba kakang'ono ndi madola makumi awiri, ndipo sununkhira kanthu.

Kobidi lako la ten peso lija unandiponyera m'thumba pa bwalo la ndege lili m'kachikho ka pa dashibodi, pamodzi ndi makobidi ogulira khofi. Limayenda nane ulendo uliwonse.

Ndine mwamuna wako,
Crisanto

Saskatoon, 20 Novembala 2011

Inday,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili moyo, kungoti chipale chofewa chagwa ndipo zala zanga zaiwala kuti ndi zanga.

Mwezi uno ndalama ichepa, mwina ndi wamawa womwe. Malata amene wagula akhomedwe, otsalawo ayambe adikira. Masiku ano sindikuyendetsa. Bwana wandiika kotsuka ngolo za nkhumba ndi paipi ya madzi otentha, ndipo malipiro ake ndi theka. Fungo lake silichoka ngakhale usambe kawiri. A Manong Boyet akuti ndizidyera pakhonde.

Pali kankhani ndi apolisi, timapepala tiwiri basi. Sindinagunde munthu, sindinamwe, ndipo sindinalakwe. Bwana akuti a inshuwalansi safuna dalaivala wokhala ndi mlandu wa mtundu umenewu, ndiye galimoto andilanda mpaka khoti litagamula. Likandipeza wolakwa mapepala aja asasaina, ndipo mudzandiona pa bwalo la ndege ndi chikwama chomwe chija. Koma silindipeza wolakwa.

Amayi ako usawauze. Za ten peso usandifunse pakali pano.

Liezel umuuze kuti nsapato za Khirisimasi zilipo, bambo ake sanafe.

Crisanto

Saskatoon, 11 Disembala 2011

Wokondedwa Inday,

Moni kwa nonse. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Liezel chapola. Kalata yako ndailandira, ndipo kutentha kwake kwandithandiza pa chisanu chino. Ndiye kuti akazi a Manong Boyet anaimbira msuweni wako, msuweni wako anauza msika wonse, ndipo pofika kwa iwe ine ndinali nditagenda wapolisi ndi miyala. Khala pansi umve kwa mwini wake.

Linali Lachiwiri masana, ndikuchokera kumpoto ndi nkhumba zodzaza. Patali ndinaona magetsi ofiira ndi abuluu. Ndinayamba kutsitsa magiya kudakali kutali, chifukwa ukaponda buleki mwadzidzidzi nkhumba zimagwerana n'kuthyoka miyendo. Pofika pamalopo ndinali kukwawa, sikisite yomweyo sindinaifike. Panali ambulansi, galimoto ya apolisi, ndi galimoto yokoka ili ndi chingwe chake lende. Pansi pa chipale panagona munthu atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu, nsapato zokha zikuoneka. Anthu a ambulansi sankathamanganso. Iwe ukudziwa tanthauzo lake.

Tsono ndikanatani? Ndinavula chipewa, ndinadzilemba chizindikiro cha mtanda, ndinatsitsa galasi, ndinatapa makobidi m'kachikho n'kuponya. Dzanja linachita lokha, monga limachitira maliro akamadutsa kwathu. Ena anagwera pa chipale, ena analira pa chitseko cha ambulansi. Ten peso yako inapita nawo limodzi, ndinazindikira madzulo. Pepa, Inday, koma sinapite pachabe.

Sindinapite patali, galimoto ya apolisi inali kale kumbuyo kwanga. Wapolisi wake ndi wamtali, dzina lake Melnyk, nkhope ili psuu. Ndinayesa kufotokoza koma anandiuza kuti nditseke pakamwa. Analemba pepala loyamba, lakuti ndadutsa ambulansi pa liwiro lopitirira. Analemba lachiwiri, lakuti ndataya zinyalala pamsewu.

Zinyalala, Medy. Loyambalo ndi bodza, ndipo bodza ndimatha kugona nalo. Lachiwirili ndi limene likundidya.

Ndamva kuti womwalirayo anali dalaivala wa galimoto yokoka ija, dzina lake Darrell. Ankamangirira galimoto ya mayi wina imene inagwera m'ngalande, wina anadutsa ngati mphepo n'kumuwomba, osaima. Wasiya mkazi ndi ana. Ndiye amene anamupha sanapezeke mpaka lero, koma amene anam'perekeza ndi kangachepe ndiye ali ndi tsiku la khoti.

Pa Khirisimasi musaphe nkhuku zoikira. Mugule ya pamsika.

Mwamuna wako,
Crisanto

Saskatoon, 22 Januwale 2012

Inday wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Ndili bwino, manja okha ndiwo ang'ambika ndi madzi otsukira ngolo. A Manong andipatsa mafuta opaka mawere a ng'ombe, akuti ndiwo mankhwala a kuno, ndipo akuthandiza.

Kukhoti ndinapita, nditabwereka jekete la a Manong limene manja ake amathera pa zigongono. Tisanalowe anandiitanira m'kachipinda mnyamata woimira boma pa milandu, waulemu ndithu, wa msinkhu wa Toto. Anawerenga mapepala aja, anakanda mutu, n'kunena kuti atha kundithandiza. Ndivomere mlandu wa zinyalala, ndilipire kachindapusa kake, iye achotsa mlandu wa liwiro. Laisensi ikhala yoyera, Lolemba ndibwerera pa chiwongolero.

A Manong Boyet anandiponda phazi pansi pa tebulo mpaka chala chinachita dzanzi. Ine ndinafunsa kuti kuvomerako ndikachita bwanji. Anati ndikaima pamaso pa woweruza, akawerenga kuti ndinataya zinyalala, ine n'kuyankha kuti inde.

Ndinati, "Bwana, kuponya ndinaponya, zimenezo ndivomera ngakhale pa wailesi. Koma kuti zinali zinyalala, pakamwa panga sipatuluka."

Anati ndi mawu a lamulo chabe, palibe amene akunyoza mwambo wanga. Ndinamuyankha kuti ngati ndi mawu chabe awachotse. Anati sangathe. Ndinati inenso sindingathe. Mlandu auika mwezi wa Malichi.

M'galimoto pobwerera a Manong sanandisiye. "Iwe Santo, kwa eni kulibe mkuwe. Anthu akukupatsa chitseko, iwe ukufuna kutulukira pa khoma? Ine ndinavomerapo milandu ya galu wa bwana kuti mkazi wanga abwere. Mtembowo ndi wa mbale wako?"

Ndinati si wa mbale wanga, koma maliro ndi kulirana. Anati ku Canada amalirana ndi maluwa ndi makadi, ndikagule khadi. Masiku awiri sitinalankhulane, koma mpunga ankandisiyira mumphika.

Ndikudziwa zimene unene. Uzinene m'kalata, pa foni zimadula. Ndatumiza zochepa. Uuze aphunzitsi a Liezel kuti yotsalayo ibwera, sitinathawepo ngongole ya sukulu.

Crisanto

Saskatoon, 19 Febuluwale 2012

Wokondedwa Medy,

Ndikupatsa moni ngakhale iwe m'kalata yako moni unaiwala. Ndili bwino. Ndamva kuti amayi ako miyendo yatupanso, aziyika pa mpando akakhala.

Ukuti ndasankha munthu wakufa wosamudziwa m'malo mwa mwana wanga wamoyo. Mawu amenewo andilasa, sindikubisira, ndinawawerenga nditakhala pa ndowa kuseri kwa khola ndipo ndinalira. Ukutinso ndolo zako za ukwati zili kwa wokongoza ndalama. Zimenezo sunayenera kuchita osandiuza, koma ndilibe pakamwa pokukalipira.

Pali chimene sunachione, chifukwa unandidziwa ndili kale ndi ndevu. Bambo anga atamwalira m'nyumba munalibe ngakhale khofi wopatsa olira. Bokosi tinatenga pa ngongole. Tsiku loika tinayenda pansi kumbuyo kwa bokosilo kuchokera ku tchalitchi mpaka kumanda, dzuwa lili pamutu. Madalaivala a majipu ankachepetsa liwiro, okwera ankatulutsa manja m'mawindo, makobidi ankagwa pa phula. Anthu osatidziwa, Medy, opita ku zawo. Amayi anandiuza kuti ndizitola, ndipo ndinatolera m'chipewa cha bambo. Ndi makobidi amenewo amayi anagula makandulo a mapemphero a masiku asanu ndi anayi, ndi mpunga umene tinadya mwezi umenewo. Tsono ndikaime pamaso pa anthu, dzanja lili m'mwamba, ndinene kuti zimenezo ndi zinyalala? Ndiye kuti amayi anga anatidyetsa zinyalala. Liezel akadzafika kuno adzapeze bambo ake, osati munthu amene anavomera zimenezo.

Galimoto yanga bwana wapatsa dalaivala watsopano. Bwanayo anabwera kotsukira kuja atatseka mphuno, n'kundiuza kuti wamva kwa a Manong kuti ndinakana mwayi. Anati iye sadana nane, koma sangasunge munthu wa mutu wouma mpaka kalekale, ndipo Malichi akandivuta tisiyana. Ndinamuuza kuti ngolo zake sizinayerepo chonchi chiyambire, ayambe wathokoza. Anaseka pang'ono, koma mawu ake sanabweze.

Usagulitse nkhumba yaikazi ija, ili ndi bere. Toto akabwera ndi wogula umuthamangitse ndi tsache.

Ndine yemwe uja unakwatiwa naye ukudziwa mutu wake,
Crisanto

Saskatoon, 18 Malichi 2012

Inday,

Moni nonse. Ndili bwino, ndipo ndadya kawiri lero. Mlandu watha. Pa foni ndinangokuuza theka chifukwa amayi ako ankapumira m'khutu mwako.

Woweruza anali mayi wa imvi, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. Melnyk anabwera ndi kathumba ka pulasitiki, m'kati muli makobidi anga onse, anawatola pa chipale tsiku lomwelo kuti akhale umboni. Ten peso yako ndinaiona ndili patali. Mayiyo anaitembenuza n'kufunsa kuti ndalama iyi ndi ya kuti, ndipo n'chifukwa chiyani munthu wamkulu angagende ambulansi. Ndinaimirira m'jekete la a Manong n'kufotokoza zonse, mpaka za chipewa cha bambo. Chingerezi chinandithera pakati, ndinamalizira ndi manja.

Kenako anafunsa Melnyk kuti liwiro langa analiyeza ndi chiyani. Anati makina analibe m'manja, anali atagwada pafupi ndi mtembo. Anamva zinthu zikulira pa ambulansi, anadzutsa mutu, n'kuona dalaivala wavula chipewa, dzanja likuyenda pa nkhope, milomo ikugwedera. Iye anayesa ndikuwatukwana. Mayi uja anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumufunsa ngati zonsezo anazionadi bwinobwino pa galimoto yothamanga.

Melnyk anati, "Pa liwiro sindingalumbire. Darrell anali mnzanga. Tagwira naye ntchito pamsewu umenewu zaka zambiri, ndipo tsiku limenelo aliyense wodutsa ndinkamuona ngati ndi amene wamupha."

Mlandu wa liwiro unathera pomwepo. Ndinamva a Manong kumbuyo akuitana oyera mtima onse.

Koma pa wachiwiri uja sanandikhululukire. Mayiyo anati wamva, ndipo akukhulupirira kuti mtima wanga unali wabwino, koma lamulo loletsa kuponya zinthu pamsewu silifunsa za mtima, kobidi likhoza kulasa munthu m'diso. Anagamula kuti ndilipire. Ndinati ndilipira, koma mawu aja awafufute. Anati alibe mphamvu yosintha mawu a lamulo. Ndinapsa mtima, Medy, ndinafuna kuyankha, koma a Manong anandikoka jekete mpaka linang'ambika kukhwapa.

Makobidi anandibwezera, akuti ndi katundu wanga. Panja ndinapeza Melnyk akuvala magolovesi. Ndinamuika kathumbako m'manja n'kumuuza kuti izi si zanga, ndinapereka kale, ndi za Darrell. Anandiyang'ana, anayang'ana kathumba, n'kupita nako. Mwina anakataya mu bini, ndi zake zimenezo.

Pobwerera a Manong anayamba. "Ndiye wapindula chiyani? Miyezi iwiri yowonjezera ukusambira m'ndowe za nkhumba, kuti upeze chomwe mnyamata uja ankakupatsa ulere mu Januwale."

Ndinati, "A Manong, mu Januwale ndikananena ndine. Lero anena okha, ine ndakana mpaka pomaliza."

Anapukusa mutu n'kunena kuti jekete ndilipira. Chindapusa ndapereka kale, ndi ndalama ya malata awiri. Bwana sananene kanthu za galimoto. Mawa ndikaima pakhomo pa ofesi yake mpaka atatopa nane.

Crisanto

Saskatoon, 6 Meyi 2012

Wokondedwa Inday Medy,

Moni kwa iwe, kwa Liezel ndi kwa amayi. Ndili bwino kwambiri. Chipale chasungunuka, dziko lonse ndi matope, ndipo ndaona bakha woyamba. Ndakondwa kuti nkhumba yaswa bwino. Ana awiri ugulitse akasiya kuyamwa, ukawombole ndolo zako usanachite china chilichonse.

Bwana anandizengereza milungu ingapo, kenako anandipatsa galimoto yakale imene aliyense amaikana, ya chitseko chomangira waya. Anati mutu wanga ndi galimoto imeneyo n'zofanana, tizikalimbana. Miyezi imene ndinali kotsuka ngolo akuti sawerengera, ndiye mapepala achedwa mpaka chisanu chikubwerachi. Koma wanena pamaso pa a Manong kuti adzasaina, ndipo munthu uyu ndi wouma manja koma sanama. Yambani kukonza mapasipoti. Chithunzi cha Liezel akamujambule atapesa, asaoneke ngati wathawa kwawo.

Sabata yatha anandituma kumpoto, njira yomwe ija, koyamba chichitikire zija. Ndikuyandikira pamalopo phazi linachoka lokha pa mafuta, ngakhale panalibe magetsi alionse. M'mbali mwa msewu aikapo mtanda woyera wa matabwa, wolembedwa dzina la Darrell, atakolekapo ngowe ya chingwe chokokera. Ndinapitirira mpaka polowera ku famu ina, ndinaimika bwinobwino, ndinayatsa magetsi ochenjeza, n'kubwerera wapansi. Usaope, sindinaponye kanthu. Malamulo awo ndawadziwa tsopano kuposa a Manong.

Pansi pa mtandawo pali maluwa apulasitiki ndi botolo la jamu lotsekedwa, lomangiriridwa ndi waya kuti mphepo isalitenge. M'botolomo muli makobidi. Ndinagwada m'matope n'kuyang'anitsitsa. Anga aja alimo, ndipo ten peso yako ili pakati pawo, yokhayokha ya mtundu wake. Koma makobidiwo ndi ambiri kuposa amene ndinaponya, botolo lafika pakati. Sindikudziwa ngati ndi Melnyk, kapena mkazi wa Darrell, kapena anzake okoka magalimoto, ndipo sindikafunsa. Pa pepala la khoti palembedwabe zinyalala. Koma zinyalala sazimangirira ndi waya, Medy.

Ndinatsegula, ndinaikamo ya khofi wa tsikulo, ndinatseka. Ten peso ndinaigwira pang'ono n'kuibwezera, chifukwa si yathunso. Ndinavula chipewa, ndinapempherera Darrell ndi bambo anga pamodzi, mpaka nkhumba zinayamba kulira m'ngolo.

M'kachikho ka pa dashibodi muli malo. Ten peso ina usatumize pa positi, imasowa m'njira. Udzabwere nayo wekha m'thumba.

Ndine mwamuna wako,
Crisanto